Nduna Imene Inabwerera ku Munda

Lero ndikuuzani za mkuru wina wa ku England, dzina lace Charles Townshend, wa ku Raynham m'dera la Norfolk.

Banja lace linali la kubwalo la mfumu. Atate wace, Horatio, anali mmodzi wa iwo amene anapita kukaitana Mfumu Charles II kuti abwerere pa mpando m'caka ca 1660. Mdzukulu wace, George, ndiye analamulira asilikari ku Quebec mu 1759 atafa kazembe wao Wolfe. Charles mwini wace anali mkuru wa alonda a Mfumukazi Anne, ndipo mu 1714 anakhala nduna ya Mfumu George I. Anakwatira Dorothy, mlongo wa Robert Walpole. Koma paulamu sipacedwa kubuka mlandu: Dorothy atamwalira mu 1726 awiriwo anayambana, ndipo mu 1730 Townshend anatula nchito nabwerera kumudzi.

Tsono mverani bwino apa. Masiku amenewo alimi ambiri anali kugoneka gawo limodzi la munda caka conse kuti nthaka ipume, ndipo pofika cisanu anali kupha ziweto zambiri cifukwa cosowa cakudya. Townshend anaika mtima pa kasinthasintha wa mbeu zinai: caka coyamba tirigu, caciwiri mbeu ya mizu yochedwa turnip, cacitatu barele, cacinai clover. Clover ndi mbale wace wa nyemba. Amabwezera cakudya m'nthaka monga icitira mtedza kwathu kuno. Turnip anadyetsa ng'ombe ndi nkhosa m'cisanu, ziwetozo zinapatsa ndowe, ndowe zinabwerera kumunda, ndipo tirigu anabala koposa. Palibe gawo limene linagona cabe.

Musaganize kuti nzeruyi anaiyamba ndiye. Alimi a ku Flanders anaidziwa kale, ndipo turnip anali kulimidwa ku Norfolk iye asanatule nchito. Koma anthu amayang'ana munda wa mkuru asanasinthe wao, ndipo inu mafumu mudziwa zimenezi koposa ine. Ngati m'munda wa nyakwawa muli cimanga cokhacokha caka ndi caka, ine mlangizi ndingolankhula ndi mphepo.

Anakamba za mbeuyi kosalekeza kufikira anthu anamucha "Turnip Townshend". Anamwalira ku Raynham mu 1738.