Ndege Ikagwa, Amafufuza Chiyani?

Lero ndikambako za ngozi za ndege, ngakhale ambirife ndege timangoziona zikudutsa m'mwamba.

Mayiko anagwirizana kudzera m'bungwe la ICAO kuti ndege ikagwa pazichitika kafukufuku. Cholinga chake sikupeza woti amangidwe ayi, koma kudziwa chimene chinalakwika kuti chisadzachitikenso. N'chifukwa chake ndege zikuluzikulu zimanyamula timabokosi tojambula mawu a oyendetsa komanso mmene makina akuyendera. Timabokosito amatitcha black box, koma mtundu wake ndi wa lalanje kuti tizioneka msanga pakati pa zidutswa.

Pa 27 Malichi 1977, pachilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pabwalo kuli nkhungu. Anthu 583 anafa. Ofufuza atamvetsera mawu ojambulidwa, anapeza kuti kaputeni wa KLM anayamba kunyamuka asanapatsidwe chilolezo. Injiniya wake anafunsa ngati ndege inayo inali itachoka panjira. Kaputeni anati inde, ndipo wamng'onoyo sanalimbikirenso. Mwamva? Ulemu unaposa chenjezo.

Ngoziyi ndi zina zotere zinasintha maphunziro a oyendetsa ndege. Masiku ano wamng'ono amaphunzitsidwa kulankhula mosaopa akaona cholakwika, wamkulu naye amaphunzitsidwa kumvetsera. Mawu apawailesi pakati pa ndege ndi oyang'anira bwalo anakonzedwanso kuti asamamveke pawiri.

Ifenso zinatigwera. Pa 29 Novembala 2013 ndege ya LAM yochoka ku Maputo kupita ku Luanda inagwa ku Namibia, anthu 33 n'kufa. Bokosi lija linaulula kuti kaputeni anatsala yekha m'chipinda choyendetsera, chitseko chili chokhoma, ndipo anatsitsa ndegeyo mwadala. Zofanana ndi izi zitachitika ku France mu 2015, makampani ambiri analamula kuti m'chipindamo musamatsale munthu mmodzi, ndipo nkhani ya matenda a maganizo a oyendetsa inayamba kutengedwa mozama.

Tsono abale, funso langa ndi ili: chapa ikachita ngozi pamsewu wathu, timafufuza chiyani? Timaika maliro, timatukwana dalaivala, basi. Matayala, mabuleki, katundu wochuluka, tulo, palibe amafunsa. Ndikupempha kuti kalabu yathu izilemba zimenezi n'kupita nazo kuwailesi. Ndipo mukaona dalaivala akuthamanga mopyola muyezo, lankhulani, ngakhale akhale wamkulu kwa inu.