Mlendo Amadza ndi Kalumo Kakuthwa: Zimene Luso la Sayansi Lachita pa Mbale Yathu



Lero tikufuna tikambirane za momwe zinthu zotulukiridwa ndi akatswiri zasinthira kadyedwe ndi kakhalidwe ka anthu pa dziko lonse. Tiyambire pa nsima. Timati ndi chakudya cha makolo, koma chimanga kwawo ndi ku Mexico, kumene alimi anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Chinafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Chisanafike, makolo athu ankadalira mapira ndi mawere. Luso lomanga zombo zowoloka nyanja yamchere ndi limene linatisinthira chakudya.

Chachiwiri ndi feteleza. M'chaka cha 1909, katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, anapeza njira yotengera nayitirojeni mu mpweya. Mnzake Carl Bosch anaikulitsa njirayi, ndipo mu 1913 fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau. Izi zisanachitike, alimi a ku Ulaya ankachita kuitanitsa zitosi za mbalame kuchokera ku Peru. M'chaka cha 1900 anthu pa dziko lapansi analipo pafupifupi 1.6 biliyoni. Pofika 2022 anakwana 8 biliyoni, ndipo akatswiri amati pafupifupi theka la anthuwa amadya chakudya cholimidwa ndi feteleza wotereyu. Koma tisaiwale kuti njira yomweyo inathandiza dziko la Germany kupanga mabomba pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Chachitatu ndi makina. Ku America mu 1900, anthu ogwira ntchito pafupifupi 40 pa 100 aliwonse anali m'minda. Thalakitala itafala, banja limodzi linayamba kulima munda umene kale unkafuna anthu ambiri. Lero alimi kumeneko sakwana awiri pa 100 aliwonse. Chakudya chinachuluka, koma midzi yambiri inatha, ana n'kupita kumizinda. Ngakhale kwathu kuno chigayo chinapeputsa ntchito ya amayi, komabe nyimbo za pamtondo, zimene amayi ankadzudzulira nazo zolakwika za m'banja, zikumveka mwa apo ndi apo.

Chachinayi ndi mbewu. Norman Borlaug, pogwira ntchito ku Mexico, anatulutsa tirigu wamfupi amene sagwa akathiridwa feteleza wambiri. Ku India zokolola za tirigu zinakwera kuchoka pa matani pafupifupi 12 miliyoni mu 1965 kufika pa 20 miliyoni mu 1970, chaka chimene Borlaug analandira mphoto ya Nobel. Koma oyamba kupindula anali alimi okhala ndi madzi othirira ndi ndalama zogulira zipangizo. Ku Punjab, kumene ulimiwu unakula kwambiri, madzi a pansi pa nthaka akunka natsikiratsikira.

Anzathu, akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Nzoona, koma kalumo kamameta bwino ngati wometedwayo akunena pamene pakupweteka. Umboni tili nawo konkuno. Chimanga cha haibulidi choyamba chinali chofewa. Amayi akachikonola mumtondo chinkaphwanyika, ufa wambiri n'kupita ndi gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe sankachedwa kuchilowa. Alimi ambiri ankachilima kuti agulitse, koma chakudya cha pakhomo ankasunga cha makolo. Ena ankati alimi ndi osamva. Pamapeto pake akatswiri athu a kafukufuku, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, anamvetsa kuti amayiwo anali ndi mfundo. Mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zolimbirapo, zokonoleka bwino, ndipo alimi anazilandira. Sayansi inapindula chifukwa inamvera mayi wa pamtondo.

Palinso phunziro lina. Feteleza wa Urea amapangidwa ndi gasi, ndipo ife timachita kuitanitsa kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mitengo imene inali itayamba kale kukwera inafika posayenera, mlimi wa ku Mchinji n'kumavutika ndi nkhondo imene sanaione. Luso limene tilibe nalo mawu limatisandutsa akapolo a mitengo ya ena. Nchifukwa chake manyowa, kasinthasintha wa mbewu, nandolo, soya ndi mtedza, zimene zimabwezera nayitirojeni m'nthaka, tisazione ngati zachikale. Nazonso ndi sayansi.

Tsono pempho lathu ndi ili. Tisakane zatsopano, koma tisazilandirenso ndi maso otseka. Mlangizi kapena wogulitsa akabwera ndi mbewu, mankhwala kapena makina, timufunse: Kodi mtengo wake ndi wotani? Chaka chamawa tidzagulanso? Zikawonongeka adzakonza ndani? Nanga zikupeputsa ntchito ya mayi kapena zikuwonjezera? Tiyese kaye pa kachigawo kochepa ka munda, tilembe zimene taona, ndipo tibweretse ku kalabu. Mlimi mmodzi akadandaula amati ndi wovuta, koma makalabu ambiri akanena chinthu chimodzi, ofufuza ndi aboma amatchera khutu.