Ozimitsa Moto a ku Lumbadzi

Mwezi wa Okutobala ukafika, mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaŵala usiku. Osaka mbeŵa atentha tchire, mphepo yanyamula malaŵi, ndipo moto umatsetsereka mpaka ku nkhokwe ndi zigafa za fodya. Eni mudzi amalimbana nawo ndi nthambi zaziŵisi ndi zidebe za madzi. Ambiri a iwo sanaonepo wozimitsa moto atavala chisoti chake, pakuti m'dziko muno magulu otere amapezeka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndiponso pa mabwalo akuluakulu a ndege.

Gulu loyandikana ndi anthu a ku Dowa lili ku Lumbadzi, pa bwalo la ndege la Kamuzu, limene linatsegulidwa m'chaka cha 1983. Mnyamata kapena mtsikana woloŵa ntchito imeneyi amayamba ndi kuphunzira khalidwe la moto: kuti umakhala ndi moyo chifukwa cha chinthu choyaka, kutentha ndi mpweya, ndipo kuti kuchotsapo chimodzi ndiko kuupha. Amaphunziranso kuti mafuta a ndege amayandama pa madzi, kotero kuti owathira madzi okha amangowamwaza. Mafuta otere amafundidwa ndi thovu. Malamulo a maiko onse okhudza maulendo a ndege amafuna kuti galimoto yozimitsa moto ifike paliponse pa msewu wotera ndege asanathe maminiti atatu. N'chifukwa chake anthu aŵa amayeserera kosalekeza, ngakhale patapita zaka popanda ngozi.

Moto ukazima pamatsala anthu ovulala, ndipo apa wozimitsa moto amasanduka dzanja loyamba la chipatala. Amadziŵa kuletsa magazi, kutsegula njira ya mpweya ya munthu wokomoka, ndi kunyamula wothyoka msana mosamupinda. Wopsa amamuthira madzi oyera ozizira kwa maminiti 20. Mazira, mafuta ophikira ndi zina zimene anthu amapaka pa bala m'midzi zimangoitana matenda.

Amene wakhalitsa pa ntchito nakwezedwa kukhala mkulu wa gulu amasenza katundu wa mtundu wina. Iye sagwiranso paipi kaŵirikaŵiri. Ntchito yake ndiyo kusankha. Ovulala akachuluka kuposa machira, monga zimachitikira minibasi ikagubuduzika pa msewu wa M1, wina ayenera kunena yemwe atsogole. Odziŵa ntchitoyi amaika chizindikiro chofiira pa amene angafe msanga akapanda kuthandizidwa, chachikasu pa amene angadikire pang'ono, ndi chobiriŵira pa amene akuyenda okha. Chovuta n'chakuti wofuula kwambiri ndiye amene akupuma bwino, pamene wongogona chete ndiye ali pakamwa pa imfa. Achibale sazimvetsa zimenezi, ndipo mtsogoleri amalandira mawu oŵaŵa ali chiimire. Ayeneranso kudziŵa bala limene lingathandizidwe ku Mponela, ku Madisi kapena pa chipatala cha boma ku Dowa, ndi limene lifunika madokotala a opaleshoni a ku Kamuzu Central ku Lilongwe, poti kusokeretsa ambulansi n'kutaya moyo.

Mkulu wa pa bwalo la ndege ali ndi mtanda winanso. Kukula kwa ndege zololedwa kutera kumayenderana ndi kuchuluka kwa galimoto, madzi ndi thovu zimene zili chire pabwalopo. Telefoni ikalira kuti nyumba zikupsa m'mudzi wapafupi, iye amadziŵa kuti akatulutsa galimoto, ndege yodzaza anthu imene ili m'mwamba ingaletsedwe kutera kufikira galimotoyo itabwerera. Akakana, utsi wa nyumba za anansi ake amauona ndi maso ali pa khomo la ofesi. Wa pa telefoni uja akudikira yankho, ndipo nthaŵi zina amakhala munthu amene anaphunzira naye sukulu imodzi.