Ophunzira za Mankhwala Azipezeka Loweruka Lokha



Ana a dera lino amene akuchita digiri yachiwiri ya kagwiridwe ntchito ka mankhwala m'thupi adzipereka kuthandizana ndi alangizi a zaumoyo. Ayamba ndi nkhani ya LA. Mankhwala a malungowa amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, koma ena amaleka thupi likangozizira, otsalawo n'kusungira mwana. Malungo amabwereranso.

Komatu achinyamatawa ali ndi kafukufuku woti amalize, ndipo akalephera sukulu, dera lidzakhala lataya akatswiri. Choncho khonsolo ikupempha kuti anthu azikumana nawo Loweruka lokha. M'nyengo ya mayeso asiyidwe awerenge. Wodwala usiku asakagogode pakhomo pawo, pakuti iwo si madokotala. Athamangire kuchipatala.