CIPATALA CA ST FRANCIS KU KATETE: ANCHITO AKE NDI UDINDO WA ANTHU A M'MIDZI

Nkhani yoti iwerengedwe pa misonkhano ya manthambi ndi magawo m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi



Pafupi ndi mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, makilomita owerengeka kucokera pa boma la Katete, pali cipatala cimene dzina lake lidziwika m'mudzi uliwonse wa Cigawo ca Kum'mawa. Ndico cipatala ca St Francis. Anthu ambiri a m'maboma ano anabadwira m'menemo, ena anapulumukira m'menemo ku matenda amene akanawapha, ndipo ena anatsazikana ndi abale ao m'menemo. Motero nkoyenera kuti membala aliyense adziwe kumene cipatalaci cinacokera, amene agwiramo nchito, ndiponso cimene anthu a m'midzi ayenera kucita kuti nchitoyo isapite pacabe.

CIYAMBI CAKE

Cipatala ca St Francis cinayamba m'caka ca 1948, ndipo amene anaciyambitsa ndi Bambo Francis Trefusis, wansembe wa mpingo wa Anglican amene analinso dokotala. Masiku amenewo dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo mzinda wa Chipata unali kuchedwa Fort Jameson. Boma la atsamunda linaika mphamvu zake ku migodi ndi m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, kotero kuti munthu wa ku mudzi akadwala kwakaya-kaya, abale ake anali kumunyamula pa macila mtunda wautali, ndipo ambiri anali kutsirizika panjira.

M'zaka za m'ma 1950 cipatala cinayamba kuphunzitsa anamwino a dziko lino. Mu 1958 anafika Dokotala James Cairns ndi akazi ao Amai Faith Cairns, ndipo anatsogolera nchitoyi zaka zoposa 30. Anthu acikulire a ku Katete akumbukirabe dzina limeneli kufikira lero.

Pamene dziko linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, madokotala obadwira muno anali owerengeka pa zala. Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linatsegula Yunivesite ya Zambia mu 1966, ndipo madokotala oyamba ophunzira kumeneko anatsiriza maphunziro ao mu 1973. Mu 1970 zipatala za mipingo zinapanga bungwe limodzi, limene lero lichedwa Churches Health Association of Zambia, kuti zizilankhula ndi Boma ndi mau amodzi. Ndipo kuyambira mu 1986 cipatala ca St Francis ciyendetsedwa ndi mipingo iwiri pamodzi, wa Anglican ndi wa Katolika. Phunziro lake nlosabisika. Ngati mipingo iwiri yosiyana mapemphero itha kusunga cipatala cimodzi zaka zonsezi popanda kupatukana, midzi iwiri yoyandikana siyenera kulephera kukumba citsime cimodzi.

Lero cipatalaci ciri ndi mabedi oposa 300, ndipo cilandira odwala otumizidwa kucokera ku zipatala zing'onozing'ono za m'maboma ozungulira. Cilandiranso abale a ku Mozambique amene adzera njira ya ku Chanida, monga momwe cinali kucitira m'zaka za m'ma 1980 pamene nkhondo inathamangitsa anthu ambiri kwao.

ANCHITO A PA CIPATALA

Nyumba ndi mabedi siziciza munthu. Amene aciza ndi anthu: madokotala, othandiza madokotala, anamwino, azamba, opima magazi, opereka mankhwala, oyendetsa ambulansi, ophika ndi osesa. Ngakhale cipatala nca mipingo, malipiro a anchito ambiri acokera ku Boma, ndiye kuti ku msonkho wa anthu a dziko lino. Pambali pa iwo pamabwera madokotala odzipereka ocokera ku maiko a ku Ulaya, amene amakhala miyezi kapena zaka zowerengeka nabwerera kwao. Cithandizo cao ncoyamikika, koma mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mzati wa cipatala ndi mwana wa dziko lino amene aphunzira nakhala.

Mu 2022 Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 m'dziko lonse, ndipo Cigawo ca Kum'mawa cinalandirako gawo lake. Koma kulemba munthu nchito ndi kumusunga pa malo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Namwino wacitsikana amene watumizidwa ku kacipatala ka kutali akafika napeza kuti palibe nyumba yogonamo, madzi ali kutali, ndipo anthu amamutukwana akapeza kuti mankhwala atha, sipapita caka asanalembe kalata yopempha kusamutsidwa. Akacoka, kacipatala kamatsala m'manja mwa munthu mmodzi amene agwira usana ndi usiku, ndipo odwala onse amathamangira ku St Francis kapena ku cipatala ca Nyanje m'boma la Sinda, kumene mizere imatalika koposa.

Nkhani imeneyi ikhudza kwambiri maboma a Sinda ndi Vubwi, amene anakhazikitsidwa mu 2012, Vubwi atapatulidwa ku Chadiza. Boma latsopano liyenera kumanga zambiri panthawi imodzi, ndipo sizingatheke zonse m'caka cimodzi. Apa mpamene mzimu wodzithandiza uyenera kuonekera. Nthambi imene iumba njerwa, kututa mcenga ndi kumanga nyumba ya namwino yacita nchito yaikulu kuposa imene ingolemba madandaulo. Ndipo makolo amene ali ndi ana okhoza bwino masamu ndi sayansi awalimbikitse kufunsira malo pa sukulu ya anamwino ya pa St Francis, pakuti mwana wobadwira ku Kawaza, ku Mbang'ombe, ku Kathumba, ku Nyanje kapena ku Pembamoyo adziwa cilankhulo ndi miyambo ya odwala ake, ndipo sathawa matope a dzinja.

AMAI APAKATI

Pa odwala onse amene afika mocedwa, omvetsa cisoni koposa ndi amai apakati. A zaumoyo aphunzitsa kuti mai amacedwa malo atatu. Kucedwa koyamba kumacitika pakhomo, pamene banja liyembekezera mau a mwamuna kapena a malume, kapena pamene akuluakulu aumiriza mai kuti aulule amuna amene anayenda nao, poganiza kuti ndico cacititsa mwana kukanika. Kucedwa kwaciwiri kumacitika panjira, pamene ngolo ya ng'ombe yasowa, kapena mtsinje wadzaza. Kucedwa kwacitatu kumacitika pa cipatala, pamene anchito acepa kapena magazi asowa. Kucedwa kwacitatuku ndi mlandu wa Boma ndi a cipatala. Koma kuwiri koyambako kuli m'manja mwa mudzi.

Mwana akakanika kubadwa, cifukwa cake si cigololo ai. Kawirikawiri cimakhala cakuti njira ya mai njopapatiza kapena mwana wagona mopingasa, ndipo mankhwala ake ndi opaleshoni yocitika msanga. Mutu wa mwana ukapanikiza cikhodzodzo ca mai tsiku lathunthu kapena masiku awiri, mnofu wa pamenepo umafa ndipo pamabooka, kotero kuti mai amatsala akungotuluka mkodzo kosalekeza. Matendawa achedwa fistula. Amai ambiri otere amabisala m'nyumba zaka zambiri ndi manyazi, ena amasiyidwa ndi amuna ao, osadziwa kuti madokotala amatha kusoka pobookapo, ndi kuti cipatala ca St Francis ncimodzi mwa zipatala zimene zacita nchito imeneyi. Mtsogoleri wa bungwe la amai amene adziwa mai wotere amuyendere mwakacetecete ndi kumuperekeza kwa namwino.

Ambiri mwa ovutika motere ndi atsikana okwatiwa thupi lisanakhwime. Kalonga Gawa Undi, amene likulu lao liri ku Mkaika m'boma lino la Katete, akhala akudzudzula maukwati a ana pakati pa Acewa. Ndipo mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kotero kuti ukwati wa munthu wosakwanitsa zaka 18 ngosaloledwa, ngakhale utamangidwa mwa mwambo wa makolo. Nyakwawa imene ilandira nkhuku pa ukwati wotere iphwanya lamulo la dziko ndi mau a Kalonga pamodzi.

Njira yopewera zonsezi njodziwika. Mai ayambe sikelo mimba ikali yaing'ono. Banja lisunge kandalama ka ulendo pogulitsa mbeu. Mai wa kutali apite kukayembekezera pafupi ndi cipatala masiku asanakwane, ndipo mwamuna asaone ngati kutero nkuthawa nchito ya kumunda.

EDZI, MALUNGO NDI KOLERA

Matenda a Edzi atafika m'zaka za m'ma 1980, zipatala zinadzaza ndipo anchito a zaumoyo ambiri anafa nao. Mu 1987 Pulezidenti Kaunda anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wao, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi matenda amenewa. Panthawiyo atsogoleri ambiri anali kubisa, koma iwo anasankha kunena zoona kuti ena apulumuke. Kuyambira mu 2005 mankhwala a ma ARV aperekedwa mwaulere m'zipatala za Boma ndi za mipingo, ndipo munthu amene amwa mokhulupirika amalima, kubereka ana opanda kacirombo ndi kukalamba monga wina aliyense. Woopsa tsopano ndi manyazi amene acititsa munthu kuleka mankhwala poopa kuonedwa pa mzere.

Malungo akali kupha ana aang'ono, makamaka m'nyengo ya mvula. Mwana akatentha thupi apimidwe magazi tsiku lomwelo, pakuti akafika pokomoka kapena kutha magazi, ngakhale dokotala waluso amagwira nchito movutika. Maneti a udzudzu aperekedwa kuti anthu agonemo, osati kuti achingire dimba kapena kuphera nsomba.

Kolera imene inabuka mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kuciyambi kwa 2024. Matenda amenewa ayenda ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Mudzi umene nyumba iliyonse iri ndi cimbudzi cobvundikira, ndi madzi akumwa owiritsa kapena othira mankhwala, wathandiza cipatala kuposa mudzi umene wapereka mbuzi pa tsiku la cikondwerero. Ici ndico colinga ca cisamaliro coyambirira ca umoyo cimene maiko anagwirizana ku Alma-Ata mu 1978: kuti matenda agonjetsedwe pa mudzi asanafike pa bedi.

MANKHWALA NDI CUMA CA ANTHU

Ndalama zolipira pa zipatala zing'onozing'ono za m'midzi zinacotsedwa mu 2006, ndipo mu 2012 zinacotsedwa pa cithandizo coyambirira m'dziko lonse. Koma caulere sicitanthauza kuti ciribe mwini. Mbulu uliwonse wa mankhwala unagulidwa ndi msonkho wa anthu kapena ndi mphatso ya maiko ena. Mu Meyi 2025 boma la America linalengeza kuti lidzadula cithandizo ca mankhwala ca madola 50 miliyoni pa caka, ponena kuti mankhwala operekedwa mwaulere anali kupezeka akugulitsidwa m'masitolo m'zigawo zambiri za dziko lino. Manyazi amenewa nga mtundu wonse, ndipo amene alangika ndi mwana wa ku mudzi amene sanabe kanthu.

Wakuba sagulitsa popanda wogula. Munthu amene agula mankhwala a Boma pa msika kapena m'kantini athandiza kukhuthula nkhokwe imene mawa adzafuna kudyamo yekha. Komiti ya zaumoyo ya m'dera iri ndi ufulu wokhalapo pamene mankhwala afika pa kacipatala, ndipo membala aliyense amene aona zokayikitsa akanene kwa mkulu wa zaumoyo wa pa boma kapena ku polisi, mosaopa nkhope ya munthu.

MAU OTSIRIZA

Atsogoleri a manthambi pobwerera kwao atenge nchito zinai. Yoyamba, awerenge amai apakati a m'dera lao ndi kupangana za ngolo kapena njinga yowanyamula usiku. Yaciwiri, aone ngati namwino wa pa kacipatala kao ali ndi nyumba ndi madzi, ndipo ngati alibe aitanitse msonkhano wa mudzi. Yacitatu, ayendere nyumba zopanda zimbudzi mvula isanagwe. Yacinai, alimbikitse acinyamata athanzi kupereka magazi pamene a cipatala apempha, pakuti magazi sapangidwa m'fakitale ndipo sagulidwa m'sitolo.

Pa bedi la cipatala safunsa munthu khadi la cipani, mtundu kapena mpingo. Mcewa, Mnsenga, Mngoni ndi mlendo wa ku Mozambique agona moyandikana nalandira mankhwala amodzi. Amene anamanga cipatala ca St Francis mu 1948 anacita mbali yao, ndipo anchito a lero acita yao usana ndi usiku. Yatsala ndi mbali ya mudzi.

Zambia Mmodzi, Mtundu Umodzi.