Mwambo wa Apolisi ku Migodi: Wodandaula Apite Kuti?



Mabanja ambiri ali ndi ana ku Kitwe ndi ku Ndola. Mwana akagwidwa kumeneko, naturuka m'citokosi ali wotupa nkhope, kodi mlandu wa wapolisi amene anam'menya aufufuza ndani?

Kwa zaka zambiri ofufuza anali apolisi anzake. Mu December 1986, mtengo wa ufa utakwera, kunabuka cipolowe m'mizinda ya ku Migodi ndipo anthu 15 anafa. Masiku amenewo kunalibe bungwe lapadera lomva madandaulo a anthu pa apolisi. Komiti ya a Bruce Munyama, imene inakhazikitsidwa mu 1993, inamva maumboni a anthu ozunzidwa m'zitokosi, ndipo Boma silikanathanso kutseka makutu.

Lamulo la 1999 linakhazikitsa bungwe lomva madandaulo, limene mu 2016 linasanduka Police Public Complaints Commission. Lamulo lomwelo linati pa polisi iliyonse pakhale mkulu woyang'anira omangidwa. Nchito yake ndi kulemba dzina la munthu, mlandu wake, ndi mmene thupi lake liliri polowa, ndiponso kuona kuti wodwala aonedwa ndi a cipatala. Ena aiyesa nchito ya ukalaliki cabe. Koma munthu akalembedwa kuti analowa wamoyo bwino, naturuka ndi nthiti yothyoka, buku lomwelo likhala mboni imene wapolisi sangaiopseze.

Apa mpofunika kunena zoona. Bungwe lija lifufuza ndi kupereka malangizo kwa oyenera kulanga. Silicotsa lokha munthu nchito. Cifukwa cace mwambo weniweni uli m'manja mwa mkulu wa polisi ya m'komboni, kaya ku Chimwemwe kaya ku Chifubu, ndi akulu ake a ku likulu la cigawo ku Ndola. Iwo akabisa wolakwa pomusamutsira ku polisi ina, ndiye kuti asamutsa nkhanza, ndipo apolisi okhulupirika asenza manyazi amene sali ao.

Kholo lolandira mbiri yotere lisathamangire kugulitsa mbuzi kuti lipereke ciphuphu. Liuze mwana alembe tsiku, nthawi, dzina la polisi ndi nambala ya wapolisi, apite ku cipatala mabala asanapole, ndi kusunga kalata ya dokotala kufikira dandaulo litaperekedwa.