Mbewa ya Manyazi Inafera Kuuna: Njira za Malamulo Zoitanitsira Malipiro Ochedwa

Mawu amene analankhulidwa pamsonkhano wa eni mabizinesi ang'onoang'ono a m'wadi



Nkhani ya lero ndi ya ndalama zimene munthu anazigwirira kale ntchito koma sizinafike m'manja mwake. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Pali mabizinesi amene agwa ogula alipo ndithu, chifukwa mpamba wonse unatsakamira kwa anthu olonjeza za mawa.

Mwachitsanzo, kalipentala angakhome madesiki 40 a sukulu yomwe si ya boma, lililonse pa mtengo wa K30,000. Pamenepo akuyembekezera K1,200,000. Matabwa ndi misomali anagula ndi ndalama zobwereka ku banki mkhonde, kumene chiwongoladzanja chimawerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo anyamata omuthandiza akufuna malipiro awo. Mwini sukulu akachedwetsa ndalamazo ndi miyezi isanu ndi umodzi, phindu lonse limathera kubweza ngongole. Nayonso ndalama yochedwa imafika itachepa mphamvu: amene ankadikira malipiro mu November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, anazalandira ndalama zosakwanira kugula katundu wofanana ndi amene anapereka.

Ambiri amangokhala chete, ena pochita manyazi ndi munthu wodziwana naye, ena poopa kuti sadzapatsidwanso ntchito. Koma lamulo lokhudza kugula ndi kugulitsa katundu, la Sale of Goods Act, limapatsa wogulitsa ufulu wokasuma kuti alandire mtengo wa katundu wake. Limamulolanso, ngati sanagwirizane zopereka pangongole, kusunga katundu amene akadali m'manja mwake kufikira atalipidwa.

Chida choyamba ndi umboni. Pangano la pakamwa likhoza kuzindikirika, koma kulitsimikizira pamaso pa khoti n'kovuta mnzako akakana. Wamalonda wochenjera amalemba pepala losonyeza mtundu wa katundu, kuchuluka kwake, mtengo ndi tsiku lolipira, ndipo onse awiri amasaina. Popereka katundu, wolandirayo asaine ndi kulemba dzina lake pachikalata chotsimikiza kuti walandira. Invoisi iliyonse ikhale ndi inzake yotsala. Mauthenga a pafoni nawo asafufutidwe, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limalola mauthenga otere kukhala umboni. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti ndalama ziperekedwa mwezi ukatha, kapena wa Airtel Money ndi TNM Mpamba wosonyeza gawo limene linalipidwa, ndi mboni yosaiwala.

Tsiku lolipira likadutsa, chotsatira ndi kalata yoitanitsa ndalama. Kalatayi sichita kufuna loya. Inene ndalama zonse zotsala, katundu kapena ntchito imene inabweretsa ngongoleyo, tsiku limene anagwirizana, ndi masiku amene wangongole wapatsidwa, kaya 7 kapena 14. Inenenso mwaulemu kuti masikuwo akatha nkhani ipita kukhoti. Woipereka asunge kope lake ndipo wolandira asainepo. Nthawi zina kalata yokhayi imakwanira, chifukwa wangongole amaona kuti mwini ndalama watsimikiza mtima.

Ngati wangongole akuvomera koma ali pamavuto, kukambirana kumapulumutsa nthawi ndi ubale. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti komanso makomiti a misika akhala akuyanjanitsa anthu pankhani zotere kuyambira kale. Chofunika n'chakuti zimene agwirizana zilembedwe: ndalama zingati, pa masiku ati, ndipo mboni zisaine.

Kukambirana kukalephereka, khomo la khoti ndi lotsegula. Milandu ya ndalama zocheperapo imayambira kukhoti la majisitireti, kumene munthu angathe kudziyankhulira yekha popanda loya, ndipo kulinso ndondomeko yapadera yofewetsa milandu ya ngongole zing'onozing'ono. Majisitireti aliyense ali ndi malire a ndalama zimene angaweruze malinga ndi giredi yake, choncho kalaliki wa khoti ndiye amalongosola kumene mlandu uyenera kupita ndi ndalama zolembetsera. Milandu ya ndalama zambiri imapita ku High Court, yomwe ili ndi nthambi yoona za malonda, ndipo kumeneko malamulo a mu 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa m'kuyanjanitsa isanazengedwe.

Polemba masamoni pali zinthu ziwiri zimene anthu amaphonya. Choyamba ndi dzina la wosumiridwa. Kampani yolembetsedwa m'kaundula imaonedwa ndi malamulo ngati munthu payokha, motero ngati inagula ndi kampani, wosumiridwa ndi kampaniyo, osati bwana amene anabwera kudzatenga katundu. Chachiwiri ndi chiwongoladzanja. Amene akuchifuna ayenera kuchipempha m'masamoni momwemo, ndipo pempho lake limalimba ngati pangano linanena kale za chiwongoladzanja pa malipiro ochedwa. Wosumiridwa akalandira masamoni koma osayankha m'nthawi yake, wodandaula angapemphe khoti kuti ligamule momukomera.

Chigamulo pachokha si ndalama. Wangongole akapitiriza kuzemba, wopambana mlandu amabwerera kukhoti kukapempha kuti chigamulocho chikwaniritsidwe. Khoti lingalamule masherifu kulanda katundu wa wangongole ndi kumugulitsa, lingalamule kuti ndalama zake zimene zili kubanki ziperekedwe kwa wodandaula, kapenanso kuti azilipira pang'onopang'ono. N'chifukwa chake n'kwanzeru kulingalira msanga ngati wangongoleyo ali nacho chilichonse chomwe chingagwidwe, kuopa kuwonongera ndalama zina pamlandu wosabala kanthu.

Boma ndi makhonsolo nawo amagula katundu, ndipo nawo amachedwa kulipira. Pamenepa palibe chobisa. Wamalonda asapereke katundu ku ofesi ya boma kapena ya khonsolo popanda LPO kapena kontirakiti yosainidwa ndi oyenera, ngakhale wogwira ntchito wina atamutsimikizira pakamwa kuti mapepala abwera pambuyo. Popanda zikalatazo, a zachuma alibe poyambira kulipira. Malipiro akachedwa, kalata ipite kwa mkulu wa ofesi imene inagula, ndipo kukhonsolo ipite kwa bwanamkubwa. Wofuna kusumira boma ayenera kupereka chidziwitso cholembedwa kwa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Attorney General, ndi kudikira miyezi itatu asanatsegule mlandu. Khonsolo, malinga ndi lamulo la Local Government Act la mu 1998, ingathe kusuma kapena kusumiridwa m'dzina lake. Kumene vuto lili kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma, monga kusayankha makalata kapena kukondera, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo. Ndipo wogwira ntchito aliyense wopempha kangachepe kuti afulumizitse malipiro akuchita katangale, nkhani imene ili m'manja mwa bungwe la Anti-Corruption Bureau.

Pali mawu akuti mlandu suwola. Kumudzi mawuwa ndi oona, koma kukhoti ali ndi malire. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zosumira ngongole yochokera m'pangano, kuwerengera kuyambira pamene ndalamazo zinayenera kulipidwa. Zakazo zikadutsa, wangongole angadziteteze pongonena kuti nthawi inatha, ngakhale ngongoleyo ili yoona. Wangongole akavomera ngongoleyo m'kalata yosainidwa, kapena akalipirako gawo lina, nthawi imayamba kuwerengedwa mwatsopano. Apa ndi pamene kapepala kolembedwa pabwalo la mfumu kamaonetsa mtengo wake.

Pali njira zina zimene zimasandutsa wolakwiridwa kukhala wolakwa. Kukalanda njinga, mbuzi kapena wailesi ya wangongole popanda chilolezo cha khoti kungachititse mwini ndalama kumangidwa. Kuopseza, kutuma anyamata, kapena kunyoza munthu pa Facebook nako kumabala milandu ina. Polisi si malo otolerako ngongole. Apolisi amalowererapo pokhapokha pali umbanda, monga pamene munthu anatenga katundu mwachinyengo. Amene alibe ndalama zolipira loya angakafunse thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa zamalamulo, lomwe limayamba launika ngati munthuyo ali woyenera kuthandizidwa.

Wadi imatukuka ndalama zikamazungulira. Kalipentala akalipidwa, wocheka matabwa amalipidwa, banki mkhonde imabwezeredwa, ndipo mwana amapita kusukulu fizi italipidwa. Choncho aliyense amene ali ndi ndalama zake kwa ena, akafika kunyumba atsegule kope la ngongole, aone tsiku la ngongole yakale koposa, asonkhanitse mapepala ake, ndipo kalata yoyamba ilembedwe sabata ino. Nawonso amene akusunga thukuta la anzawo, kaya ndi munthu, kampani kapena ofesi, alipire masamoni asanawapeze.